Funsani Asisita: Ndinakapimitsa bere, nanga mtima walowamo bwanji?

FUNSO

Asisita, ndine mphunzitsi wa zaka 54, ndimakhala ku Kalongwezi muno mu Chipata. Mng'ono wanga anamwalira ndi khansa ya bere chaka chatha. Chichokereni kumaliro, mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Lusaka sanandipatse mpata, tsiku ndi tsiku amayi bwerani mudzajambulitse, amayi bwerani mudzajambulitse. Patchuthi cha mu Epulo ndinakwera basi, ndinakajambulitsa mamogalamu, ndipo anandiuza kuti khansa mulibe. Ndinathokoza Mulungu. Koma nditabwerera kunyumba ndinawerenga pepala lija modekha, ndipo chakumunsi analembako kuti "bilateral vascular calcifications, benign, BI-RADS 2". Ndinamutumizira mwana uja pa foni. Usiku womwewo anandiimbira akulira, akuti wawerenga kuti zimenezi zimasonyeza matenda a mtima. Ana ndinabereka asanu ndi mmodzi. BP anandipeza nayo zaka zinayi zapitazo, ndipo mankhwala ndimamwa ndikamva mutu. Kodi ndili ndi matenda a mtima? Kodi zimenezi zingasanduke khansa? Ndibwererenso ku Lusaka?

Mayi wa nkhawa, Kalongwezi

YANKHO

Amayi, pepani ndi imfa ya mng'ono wanu. Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Zimene analemba papepalapo si khansa, ndipo sizisanduka khansa. Mumuuze mwanayo apukute misozi.

Mamogalamu ndi X-ray ya bere, ndipo pa X-ray chilichonse chokhala ndi kashiamu chimaoneka choyera. Madokotala owerenga zithunzizi amasiyanitsa zoyerazo poona maonekedwe ake ndi malo amene zakhala. Pali tinthu tina toyera tating'onoting'ono timene timaunjikana malo amodzi m'njira zodutsa mkaka. Timeneto ndi timene timawadetsa nkhawa, mpaka amatha kutengako kachidutswa ka mnofu kukapima. Zanu si zimenezo. Zanu, zimene alemba kuti "vascular calcifications", ndi kashiamu wa m'makoma a mitsempha yobweretsa magazi m'bere, ndipo pachithunzi zimaoneka ngati mizere iwiri yoyera yoyenda limodzi, monga njanji yathu yopita ku Mchinji. Dokotala wozolowera ntchito amazizindikira nthawi yomweyo. Nambala ija ya BI-RADS 2 ikunena kuti aonamo kanthu, koma kanthuko si koopsa kumbali ya khansa, mudzajambulitsenso nthawi yake ikakwana. Popeza mng'ono wanu wa bere limodzi anadwala khansa imeneyi, nthawi yobwererayo mugwirizane ndi dokotala, ndipo mwana wanu wa ku Lusakayo nayenso aziwauza madokotala ake mbiri imeneyi.

Tsopano za mtima. Mwana wanu sananame, kungoti anawerenga ali ndi mantha.

Khoma la mtsempha wamagazi lili ndi magawo atatu. Gawo lamkati ndi limene limakhudzana ndi magazi. M'menemo ndi mmene mafuta amamatirira, njira n'kumachepa, mpaka tsiku lina magazi aundana pamalopo n'kutsekeratu. Zikachitikira m'mitsempha yodyetsa mtima, mbali ina ya mtima imafa. Zikachitikira m'mitsempha yopita ku ubongo, ndiye sitiroko. Gawo lapakati lili ndi minofu yotanuka imene imathandiza mtsempha kufutukuka ndi kubwerera nthawi iliyonse mtima ukagunda. Kashiamu wooneka m'bere lanu ali m'gawo lapakatili. Satseka njira ya magazi, amangoumitsa khoma. N'chifukwa chake bere silipweteka, silitupa, ndipo inu simukanadziwa chilichonse pakanapanda chithunzicho.

Koma chimene chinaumitsa mitsempha ya m'bere sichinasankhe bere lokha. Ukalamba, matenda a shuga, BP yokwera kwa zaka zambiri ndiponso impso zofooka zimagwira mitsempha ya thupi lonse. Bere langokhala malo amene tinajambula. Mitsempha ikauma, mtima umapopa movutikira, nambala yapamwamba ya BP imakwera, ndipo timitsempha tosakhwima ta mu ubongo ndi mu impso timalandira mphamvu ya magazi imene sitingathe kuipirira mpaka kalekale.

Kwa zaka zambiri madokotala ankaiona mizere imeneyi n'kuidumpha, chifukwa maso awo anali pa khansa. Ambiri sankailemba n'komwe papepala. Zinthu zinayamba kusintha kafukufuku atachuluka. Wodziwika kwambiri ndi wotchedwa MINERVA, wa bungwe la Kaiser Permanente ku California m'dziko la America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022. Anatsata amayi 5,059 a zaka 60 mpaka 79 amene anali asanadwalepo mtima. Pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali ndi kashiamu m'mitsempha ya m'bere. Patatha zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi ndi theka, anapeza kuti amayi okhala ndi kashiamuyu anali ndi chiopsezo cha matenda a mtima kapena sitiroko chokwera ndi 51 peresenti poyerekeza ndi anzawo, ngakhale atawerengera kale zinthu monga msinkhu, BP, shuga ndi fodya.

Nambala ya 51 imeneyi ndi imene imaliritsa anthu, choncho tiimvetse bwino. Sikuti amayi 51 mwa 100 anadwala, ayi. Mwa amayi onse 5,059 aja, amene anagwidwa ndi matenda a mtima kapena sitiroko m'zaka zonsezo anali 155, kutanthauza atatu mwa 100 alionse. Chimene 51 peresenti ikunena n'chakuti, mwachitsanzo, pamene amayi awiri opanda kashiamu akudwala, kumbali ya okhala naye akudwala atatu. Kusiyana kulipo ndithu, koma unyinji wa amayi okhala ndi kashiamuyu sanadwale. Ndiye pofunsa kuti kodi muli ndi matenda a mtima, yankho langa n'lakuti pepalali silinganene zimenezo. Likungonena kuti mitsempha yanu yayamba kuuma, ndipo poti muli ndi zaka 54 zokha, yafulumirako. Mwa agogo a zaka 75 zimenezi zimapezeka kawirikawiri. Mwa mayi wosafika zaka 60 sizichuluka chotero, ndiye zikapezeka timafunsa kuti chikufulumizitsa n'chiyani.

Ndipo amayi, mwandiyankha kale nokha m'kalata yanu. Mzere umene wandigwira mtima ine si wa Chingelezi uja. Ndi uwu wakuti mankhwala a BP mumamwa mukamva mutu.

Ndagwira unamwino m'zipatala za kuno kum'mawa mpaka kupuma, ndipo mawu amenewa ndawamva kwa aphunzitsi, kwa amayi ogulitsa ku Saturday Market, kwa akazi a abusa, ngakhale kwa anamwino anzanga. BP siipweteka. Munthu amatha kukhala ndi 180 pa 110 akuseka, akuphika, akulemba pabolodi. Mutu umene mumaudikirawo nthawi zambiri ndi wa kutopa, wa dzuwa kapena wa phokoso la m'kalasi. Masiku onse amene mutu suwawa ndipo simumwa mankhwala, BP ikugwira ntchito yake mwakachetechete m'mitsempha. Mankhwala monga amlodipine kapena hydrochlorothiazide sachiza BP kuti ithe. Amaigwira kuti isakwere, ndipo mukawasiya imabwerera pamene inali. Kumwa lero, kusiya sabata, kumwanso, sikuteteza ubongo kapena impso zanu.

Mapeto ake ndawaona kambirimbiri, ndipo sindinawazolowere. Mayi amagwa ali m'munda kapena akusesa pakhomo, amabwera naye pangolo kapena pagalimoto yobwereka, pakamwa papotoka, dzanja lalendewera, mawu sakutuluka. Achibale ena amayamba kunong'onezana kuti walodzedwa. Ukatsegula kabuku kake ka kuchipatala upeza kuti BP anamupeza nayo kalekale, mankhwala anatenga kawiri kapena katatu basi. Mayi woteroyo akachira pang'ono amabwerera kumudzi kukasambitsidwa ndi kudyetsedwa ndi ana amene iye ankawasamalira, ndipo kawirikawiri mtsikana wina m'banjamo amasiya sukulu kuti akhale naye. Khansa ya bere timaiopa, ndipo n'zoona iyenera kuopedwa, chifukwa muno mu Zambia ndi yachiwiri mwa amayi pambuyo pa khansa ya khomo la chiberekero. Koma padziko lonse matenda a mtima ndi mitsempha ndiwo amapha amayi ambiri kuposa khansa iliyonse. Kafukufuku wa STEPS amene boma lathu linachita mothandizana ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu muno mu Zambia ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sanali pa mankhwala.

Ndiye ku Lusaka musabwerere pa nkhani imeneyi. Makilomita oposa 550 a Great East Road sakupatsani chimene simungachipeze kuno. Tengani pepala lanu la mamogalamu pamodzi ndi kabuku kanu ka BP, mupite ku kiliniki imene mumatengerako mankhwala. Muwaonetse mzere uja, ndipo muwauze zoona zake za kamwedwe kanu ka mankhwala. Musachite manyazi. Mukanena kuti mumamwa tsiku lililonse iwo n'kupeza BP ili pamwamba, adzaganiza kuti mankhwalawo akuchepa mphamvu n'kukuwonjezerani ena osafunikira. BP yanu iyenera kukhala pansi pa 140 pa 90, ndipo ngati mulinso ndi shuga kapena vuto la impso dokotala angafune kuti itsike kuposa pamenepo.

Mupemphe akupimeni shuga m'mawa musanadye kanthu. Akafika 7.0 kapena kupitirira, ndipo akabwerezanso tsiku lina n'kupeza chimodzimodzi, ndiye matenda a shuga. Ichi ndikuchilimbikitsa kwambiri, chifukwa shuga ndi kuuma kwa gawo lapakati la mitsempha zimayendera limodzi, ndipo anthu ambiri amakhala naye zaka asakudziwa. Impso azipime m'njira ziwiri, magazi kuti aone creatinine (chinyalala chimene impso zimachotsa m'magazi), ndi mkodzo kuti aone ngati ukutaya mapuloteni. Impso zofooka zimasokoneza kashiamu ndi fosifolasi m'magazi, ndipo zimenezi zimaumitsa mitsempha msanga. Apimenso mafuta a m'magazi, aja timati kolesitulo. Zimene kiliniki yanu singathe, adzakulemberani kalata yopita ku Chipata Central Hospital, ndipo ngati dokotala aona kuti pakufunika ECG, kupima kagundidwe ka mtima ndi makina, adzanena yekha. Poti ndinu mphunzitsi wa boma ndipo amakudulani ya inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA mwezi ndi mwezi, nyamulani khadi lanu mufunse zimene likulipira.

Pali mafunso ena amene madokotala otanganidwa saafunsa, ndiye muyambe ndinu kunena. Pa mimba zisanu ndi imodzi zija, kodi inalipo imene munatupa miyendo ndi nkhope, BP n'kukwera mpaka kukugonekani? Kodi anakupezanipo ndi shuga muli woyembekezera? Munasiya kusamba muli ndi zaka zingati? Kodi bambo, mayi kapena mlongo wanu anagwapo ndi sitiroko asanakalambe? Mayi amene BP inamukwera pa mimba amakhala ndi chiopsezo chachikulu cha matenda a mtima m'tsogolo, ngakhale papite zaka makumi awiri. N'chimodzimodzi amene anasiya kusamba asanafike zaka 45. Ife azamba timasangalala mwana akabadwa bwino, mayi n'kutuluka, nkhani n'kuthera pomwepo, koma thupi limasunga mbiri imeneyo. Dokotala akaphatikiza zonsezi ndi zotsatira za magazi ndi pamene angaone ngati mukufunika mankhwala otsitsa mafuta monga atorvastatin. Kashiamu wa m'bere payekha si chifukwa choyambira mankhwala alionse.

Kukhitchini, mdani wamkulu ndi mchere. WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi kakang'ono ka tiyi, kuphatikiza wonse wa m'ndiwo ndi wobisika m'zakudya zogula. Kafukufuku wa 2017 uja anapeza kuti ife timadya oposa magalamu 9. Ndipo mchere suli m'paketi mokha. Soda amene timathira m'delele ndi m'chiwawa ali ndi sodiyamu yemweyo wokweza BP. Timakyubu tokometsera ndiwo, soseji, poloni ndi nsomba zouma zothira mchere n'chimodzimodzi. Kapenta muziyamba mwamuviika m'madzi n'kutaya madziwo. Kambale ka mchere kachoke pamphasa kapena patebulo podya. Masabata awiri oyamba a m'nyumba adzadandaula, kenako lilime limazolowera. Saladi muchepetse, shuga wa mu tiyi muchepetse, zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zikhale za pa ukwati. Sindikukuuzani kuti mukagule zakudya zachilendo kumashopu akuluakulu. Nyemba, nshawa, ndiwo zotendera, bondwe, kalembula, kandolo wophika, mango ndi magwafa panyengo yake, zonsezi n'zabwino ku mitsempha ndipo n'zathu. Nsima idyeni, koma mitanda ichepe, ndiwo zamasamba zichuluke. Yendani mwandawala mphindi 30 masiku asanu pasabata, mpaka thukuta lituluke pang'ono. Ngati kusukulu n'kofikika pansi, masiku ena musiyeni wanjinga apite.

Kashiamu amene wakhala kale m'mitsempha sachoka, ndipo mukadzajambulitsanso mudzamupeza. Musadzakhumudwe n'kuganiza kuti khama lanu lapita pachabe. Chimene tikufuna n'chakuti BP, shuga ndi impso zikhale bwino, chifukwa zimenezo ndi zimene zimagwetsa munthu.

Koma izi musazidikirire tsiku la kiliniki: chifuwa kulemera kapena kuthina, makamaka pokwera chitunda, kupuma movutikira pa ntchito imene kale munkaichita bwinobwino, ululu wopita kunsagwada, kumsana kapena kudzanja, thukuta lozizira ndi mseru wosadziwika chiyambi. Mwa amayi, mtima nthawi zina umadwala chotero popanda ululu waukulu wa pachifuwa, ndipo ambiri amati ndi gasi kapena zilonda za m'mimba. Pakamwa pakapotoka, dzanja kapena mwendo ukafooka mbali imodzi, kapena mawu akayamba kusokonekera, ngakhale zitatha zokha pakapita mphindi zochepa, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. A m'nyumba mwanu nawonso azidziwe zizindikiro zimenezi, chifukwa tsiku loterolo wonyamula mnzake ndi iwo.

FUNSO

Asisita, apongozi anga aakazi anajambulitsa bere ndipo anawauza kuti m'mitsempha muli kashiamu. Azakhali a amuna anga akuti ndi mkaka umene unaumira m'bere chifukwa choyamwitsa nthawi yaitali. Ine ndili ndi mwana wa miyezi isanu ndi inayi ndipo ndayamba kuopa. Ndimuletse kuyamwa? Komanso apongoziwo tawaletsa mkaka wa ng'ombe ndi kapenta. Tachita bwino?

Mpongozi, Katete

YANKHO

Mwana wanga, mwanayo apitirize kuyamwa. Azakhaliwo aphatikiza njira ziwiri zosiyana. Mkaka umayenda m'njira zake zopita kunsonga ya bere, magazi amayenda m'mitsempha yake, ndipo mkaka sulowa m'khoma la mtsempha wamagazi kuti ukaumiremo.

Pali kachoonadi kamodzi m'mawu awo, ndipo sindikubisira. Kafukufuku amasonyeza kuti kashiamu wa m'mitsempha ya m'bere amapezeka kawirikawiri mwa amayi amene anabereka ana ambiri ndi amene anayamwitsa. Pa mimba ndi poyamwitsa bere limalandira magazi ochuluka ndipo mitsempha yake imasintha. Ichi n'chifukwa china chimene sindifunira kuti mayi wa kuno, wobereka ana asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, aone pepala lotere n'kuganiza kuti mtima wake watha. Mwa iye mbali ina ya kashiamuyo ingakhale ya uchembere chabe. Koma kuyamwitsa pakokha kumateteza mayi. Kumachepetsa chiopsezo cha khansa ya bere ndi matenda a shuga, ndipo amayi oyamwitsa amapezeka kuti sadwala mtima ndi sitiroko kwambiri ngati amene sanayamwitsepo. Kwa mwanayo ndiye sitichita kunena. Pa miyezi isanu ndi inayi azidya phala lothira nsinjiro ndi zina, bere likupitirira mpaka zaka ziwiri kapena kuposa.

Apongozi anu abwezereni mkaka wawo. Kashiamu wa m'zakudya si amene amaumitsa mitsempha. Thupi limasunga mlingo wa kashiamu m'magazi mosamala kwambiri, ndipo likapanda kumupeza m'chakudya limakamutenga m'mafupa. Mayi amene anasiya kusamba mafupa ake amakhala akufooka kale, ndiye kuwamana mkaka ndi kapenta n'kuwaika pangozi yothyoka chiuno akadzaterereka kuchitsime. Kapenta adye, mungomutsuka mchere. Chosiyana ndi mapiritsi a kashiamu ogula okha kufamase. Amenewo asamwe popanda dokotala kunena, makamaka ngati impso zawo sizinapimidwe. Ndipo m'malo mokangana ndi azakhali, aperekezeni apongoziwo ku kiliniki kapena ku chipatala cha St Francis akapimidwe BP, shuga ndi impso monga ndauzira amayi a ku Kalongwezi pamwambapa. Azakhaliwo muwatenge, nawonso akaike dzanja pamakina.

FUNSO

Asisita, ndine mlimi. Mlongo wanga wa ku Johannesburg ananditumizira nkhani yakuti makina ojambula bere amaonanso ngati mayi adzadwale mtima. Amayi a kunyumba kwanga ali ndi zaka 47, ndi onenepa, ndipo mayi awo anamwalira ndi sitiroko. Ndikuganiza zogulitsa matumba a soya kuti ndiwatumize ku Lusaka akajambulidwe. Mundilangize.

Bambo wa ana asanu, Lundazi

YANKHO

Abambo, ndakondwa kuti mukuwaganizira amayi chotere. Amuna ambiri amayamba kufunsa zinthu zitavuta kale. Koma soya wanu musagulitse chifukwa cha ulendo umenewu.

Mamogalamu anapangira kufufuza khansa ya bere. Za mitsempha zimangopezeka mwangozi, ndipo phindu lake lili kwa mayi amene wajambulitsa kale pa chifukwa cha bere, kuti chithunzi chomwecho chimuuzenso kanthu kena popanda kulipiranso. Palibe dokotala amene amatumiza munthu ku mamogalamu kuti akaone mtima. Choopsa china n'chakuti chithunzi chikhoza kutuluka chopanda mzere woyera ngakhale umodzi, inu n'kubwerera ku Lundazi mitima ili m'malo, chonsecho mafuta akumatirira m'gawo lamkati la mitsempha ya mtima, limene mamogalamu saliona. Mwa osuta fodya kashiamu wa m'bereyu sapezekanso kawirikawiri, komabe fodya ndi mmodzi mwa adani aakulu a mtima. Apa mutha kuona kuti chithunzi choyera si chikalata chakuti munthu ali bwino.

Zimene mukufuna kudziwa mwandiuza kale theka lake: thupi lalikulu ndi mayi amene anamwalira ndi sitiroko. Theka linalo lili ku kiliniki ya pafupi ndi kwanu. Akapimidwe BP masiku awiri kapena atatu osiyana, atakhala pansi n'kupuma mphindi zisanu, osati atangotsika panjinga. Akapimidwe shuga. Kunyumba tengani tepi ya telala muwayeze m'chiuno podutsa pamchombo. Kwa mayi, kupitirira masentimita 88 ndi chizindikiro chakuti mafuta a m'mimba achuluka. Ngati mukufunadi kuwonongerapo ndalama, gulani makina opimira BP a pamkono, osati a povalira wotchi, n'kumalemba manambala m'kope. Makina amodzi amenewo angathandize inu, amayi, makolo anu ndi oyandikana nawo. Inunso mupimidwe, ndipo ngati mumasuta, utsi umene amayi amapuma m'nyumba ukuwononga mitsempha yawo.

Bere lisaiwalike. Anamwino angawapime ndi manja ku kiliniki komweko n'kuwaphunzitsa kudzipima okha. Akapeza chotupa, nsonga ya bere ikalowa mkati, ikamatulutsa magazi, kapena khungu likasintha, pamenepo ndiye soya agulitsidwe msanga, ndipo mutsate kalata ya kuchipatala ngakhale ikufikitseni ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka.

FUNSO

Asisita, ndakhala ndikumwa ma ARV zaka zambiri ndipo ndili bwino. Ndili ndi zaka 50. M'basi yochokera ku Petauke munakwera munthu wogulitsa ufa wa m'botolo, akuti ma ARV amaumitsa mitsempha ndipo ufa wakewo umatsuka. Ndinagula. Mnzanga wa kutchalitchi akutinso ndizimwa aspirin tsiku lililonse. Ndiyambe chiti?

Mlongo wanu, Mchini

YANKHO

Asisi, musayambe chilichonse mwa ziwirizi, ndipo ma ARV musadumphitse ngakhale tsiku limodzi.

Palibe ufa, tiyi kapena muzu umene umachotsa kashiamu kapena mafuta m'khoma la mtsempha. Botolo limene mwagulalo simukudziwa zimene zilimo, ndipo chilichonse chimene mwameza chimakathera ku chiwindi ndi ku impso. Ambiri mwa ife amene ali pa ma ARV amamwa piritsi lokhala ndi tenofovir, amene amafuna kuti impso ziziyang'aniridwa. Kuwonjezerapo ufa wosadziwika n'kuziika impsozo pamavuto, ndipo impso zikafooka ndi pamene mitsempha imaumadi. Pa chifukwa chomwecho, chepetsani chizolowezi chogula diclofenac kapena brufen pakantemba nthawi iliyonse msana ukawawa. Amenewa amakweza BP ndipo amapweteka impso akamwedwa kawirikawiri.

Wogulitsayo anapotoza nkhani yoona. Anthu okhala ndi HIV ali ndi chiopsezo cha matenda a mtima chokwera kuposa anzawo, ndipo mbali yaikulu ya chifukwa chake ndi kachiromboko, kamene kamachititsa kuti mitsempha izikhala yotupa mkati pang'onopang'ono kwa zaka. Kusiya ma ARV kumakulitsa vutoli. Chimene chaoneka kuti chimathandiza ndi mankhwala otsitsa mafuta. Kafukufuku wotchedwa REPRIEVE, amene anatuluka mu 2023, anatsata anthu 7,769 a zaka 40 mpaka 75 amene anali pa ma ARV m'mayiko 12, kuphatikizapo Zimbabwe, Botswana, Uganda ndi South Africa. Amene ankamwa mankhwala otsitsa mafuta otchedwa pitavastatin tsiku lililonse anadwala mtima ndi sitiroko mochepa ndi 35 peresenti poyerekeza ndi amene sankamwa. Pa zaka 50 muli m'gulu limene nkhaniyi ikulikhudza, ndiye mukapita kukatenga mankhwala ulendo wotsatira, mufunse ngati mankhwala a mtundu umenewu akukuyenerani. Asankhe ndi a ku kiliniki ya ART, kumene mumatengerako ma ARV, chifukwa ena mwa mankhwala otsitsa mafuta sagwirizana ndi ma ARV ena.

Aspirin ndi wothandiza kwa munthu amene anadwalapo kale mtima kapena mtundu wa sitiroko wobwera ndi kuundana kwa magazi, dokotala atamulembera. Kwa munthu amene sanadwalepo, phindu lake n'lochepa ndipo angayambitse kutaya magazi m'mimba. Ngati BP ili yokwera osagwidwa, angathandizirenso kuti magazi atayikire mu ubongo. Mnzanuyo akufunirani zabwino, koma mumufunse ngati iyeyo anamulembera ndi dokotala.

Pa tsiku lanu la ART, musangolandira botolo n'kutuluka. Pemphani akupimeni BP ndi sikelo ulendo uliwonse, chifukwa ena amanenepa akayamba mankhwala okhala ndi dolutegravir, ndipo mufunse kuti shuga ndi creatinine anakupimani liti komaliza. Botolo la m'basi lija mulinyamule mukawaonetse anamwino, kuti adziwe zimene zikugulitsidwa kwa odwala awo pamsewu wa Petauke.